Munda wa Boazi ndi Minda Yathu ya Tiyi

Kuwerenga: Rute 2:1-23, Levitiko 19:9-10

Phunziro ili ndalikonza kuti tiligwiritse ntchito m'magulu athu pa masiku 16 aja oyambira pa 25 Novembala kufikira pa 10 Disembala, pamene dziko lonse limakumbukira nkhanza zimene amayi ndi atsikana amakumana nazo. Tsiku lomaliza lija, la 10 Disembala, ndi lomwe mu 1948 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana chikalata chonena za ufulu wa munthu aliyense. Kwa ife kuno ku Mulanje masiku amenewa amafika mvula itayamba, tiyi ataphukira, ndipo pa zipata za maesiteti pali mizere ya anthu ofuna kulembedwa ntchito. Musanapitirire ndi zimene ndalembazi, wina awerenge mutu wonse wachiwiri wa Rute mokweza, osathamanga.

Nkhani ya Rute timaikonda pa chilangizo cha ukwati. Timawauza atsikana kuti aone mtengwa wokonda apongozi ake, wolimbikira ntchito, waulemu. Zonsezo ndi zoona. Koma lero tiyeni timuone Rute monga momwe anyamata okolola aja anamuonera m'mawa umene uja: mkazi wamasiye, mlendo wochokera ku Moabu, wopanda munda, wopanda mlongo womuyankhulira, amene kunyumba wasiya mayi wokalamba akudikira chakudya. Kodi munaona kuti mutu umodzi wokhawu ukutchula katatu za ngozi imene inali m'mundamo? Boazi akumuuza Rute kuti walamula anyamata ake kuti asamukhudze. Kenaka akuwachenjezanso okolola kuti asamuchititse manyazi kapena kumukalipira. Madzulo Naomi akumulangiza kuti asachoke m'munda umenewo, poopa zimene angamuchite m'munda wina. Naomi sananene zimenezi mongoganizira. Anali mayi wa ku Betelehemu komweko, ndipo ankadziwa zimene zinkachitikira akazi osauka pa nthawi yokolola.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna tizisiyanitse. Kukunkha barele sichinali chifundo cha Boazi ayi. Lamulo la Mose linaletsa mwini munda kukolola mpaka m'mphepete kapena kubwerera kukatola zotsala, chifukwa zimenezo zinali za osauka ndi alendo. Rute analowa m'munda ndi ufulu wake. Koma chitetezo cha thupi lake chinadalira mtima wa munthu mmodzi. Zinangochitika kuti anafika kwa mwini munda woopa Mulungu. Nanga akazi amasiye amene tsiku lomwelo anakunkha m'munda woyandikana nawo, anabwerera kwawo ali bwanji? Baibulo silitiuza maina awo. Phunziro lathu la lero ndi la iwowo.

Kumene tachokera

Ambiri a ife ndife zidzukulu za alendo ngati Rute. Kuyambira cha m'ma 1890, makolo athu Achilomwe ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Zaka zomwezo njira yodutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi inali idakali ya ogulitsa akapolo, n'chifukwa chake mu 1893 boma la atsamunda linamanga Fort Lister kumeneko, dera limene tsopano lili m'boma la Phalombe. Ukapolo wa magoli unatha, koma alendo aja anapeza malo ambiri abwino ali kale m'manja mwa azungu a maesiteti, amene anali atayamba kubzala khofi, kenaka tiyi. Wofuna pomanga nyumba ndi polima chimanga ankalowa thangata.

Mawu akuti thangata poyamba anali abwino, kutanthauza kuthandizana ntchito pamudzi. Pa esiteti anasanduka dzina la lendi yolipira ndi thukuta: mwezi umodzi wogwirira malo, wina wogwirira msonkho wa nyumba, ndipo miyezi imeneyo inkatalika monga momwe mwini malo wafunira, makamaka nthawi ya dzinja pamene munthu amafunika kumunda kwake. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero ngakhale akazi amasiye ndi osakwatiwa ankakakamizidwa kugwira. Zimenezi ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho akuthawira chakuno, kulowera kumalire. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu wodzilamulira. Mchitidwe wofanana nalo wa matenanti m'minda ya fodya unadikira mpaka 2021 kuti Nyumba ya Malamulo iuletse.

Agogo anga aakazi ankasimba za thangata, za kapitawo wa chikoti ndi za tikiti imene sinkadzaza msanga. Koma pali zina zimene sankasimba. Akafika pa nkhani ya atsikana amene ankatumidwa kukasesa kunyumba kwa akuluakulu a pa esiteti, ankangoti "zinali zovuta," n'kutembenukira kumoto. Ndinali wamkulu kale pamene ndinamvetsa chimene ankabisa.

Chimene ndinalephera kuchita

Cha m'ma 1990 ndinkagwira unamwino pa chipatala china chaching'ono chozunguliridwa ndi minda ya tiyi. Tsiku lina la mu Januwale kunabwera mayi wa ana atatu, mwamuna wake atamwalira chaka chapitacho. Anali ndi mikwingwirima m'manja ndi m'ntchafu, ndiponso matenda opatsirana. Anati anagwa ndi dengu la masamba poterera. Ine ndinali nditaona mabala ambiri a anthu ogwa, ndipo ndinadziwa kuti awa sanali a kugwa. Komabe ndinalemba m'kabuku kake kuti anagwa, ndinamupatsa mankhwala, ndi kuitana wotsatira. Pamzere panali anthu ambiri, ndipo ndinadziuza kuti si ntchito yanga kufunsa zimene munthu sakufuna kunena.

Anabweranso patapita miyezi inayi ali ndi pakati. Ulendo umenewo anandiuza zonse. Amene ankalemba maina a ogwira ntchito ya sizoni anamuuza poyera kuti dzina lake lilowa m'buku akagona naye. Anakana kawiri. Kunyumba ufa unali utatha, ana akudya mango osapsa owiritsa. Kachitatu munthu uja sanafunsenso, anangomugwira m'tiyi momwemo. Pambuyo pake dzina linalembedwa, ndipo nthawi iliyonse akamufuna ankamupatsa gawo lakutali ndi anzake. Mukudziwa zimene ndinamuyankha, amayi anzanga? Ndinamuuza kuti alimbe mtima ndi kupemphera. Sindinamuperekeze kulikonse. Ndinkaopa kuyambana ndi anthu amene tinkakumana nawo tsiku ndi tsiku, ndipo kunena zoona sindinkadziwanso kuti nkhani yotere amapita nayo kuti.

Mimba itaonekera, ife amayi a mumpingo tinakhala pansi n'kukambirana za khalidwe lake. Ine ndinalipo, ndikudziwa zonse, ndipo ndinakhala chete chifukwa cha chinsinsi cha wodwala. Lero ndimaona kuti ndikadatha kumuteteza osaulula chinsinsicho, kungonena kuti tisaweruze tisanamumve. Sizoni yotsatira sanalembedwenso. Anamwalira boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mwamuna uja anapitiriza ntchito yake mpaka anapuma mwaulemu.

Ndasimba izi kuti tione mmene msampha umenewu umagwirira. Wogwira ntchito ya sizoni alibe chitsimikizo cha mawa. Munthu mmodzi ndiye amasankha wolembedwa, amagawa mizere ya masamba ambiri kapena ochepa, amaima pa sikelo, amanena amene wajomba. Ndipo nthawi imene tiyi amafuna manja ambiri, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi yomwenso m'nkhokwe mulibe kanthu. Mphamvu zonsezo zikakhala mwa munthu mmodzi, mkazi wosauka amatsala ndi pemphero loti akumane ndi Boazi. Ndisanamizire anthu: akapitawo ambiri ndi amuna athu, alongo athu, ena ndi akuluampingo okhulupirika, ndipo maesiteti adyetsa ndi kuphunzitsa ana athu ambiri, anga omwe. Komanso si m'tiyi mokha. Zimachitika kunyanja ya Chilwa kwa amayi ogula matemba, m'masukulu pa nkhani ya malikisi, m'maofesi, ndiponso, tisabise, m'nyumba zathu zomwe, kwa atsikana antchito amene timakawatenga kumudzi. Namondwe Freddy atakokolola minda ndi nyumba mu Malichi 2023, chiwerengero cha amayi opanda pogwira chinangowonjezereka.

Amene anatsekula chitseko

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 2019 amayi 36 amene ankagwira ntchito m'minda ya kampani ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo anakasuma ku khoti lalikulu la ku London, kudzera mwa maloya a Leigh Day. Anasumira kumeneko chifukwa mwini wa kampaniyo, Camellia, ali ku Britain. Iwo anadandaula kuti anagwiriridwa kapena kuvutitsidwa ndi amuna owayang'anira pantchito. Mu Febuluwale 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti. Kampani sinavomere kulakwa, koma inapereka chipukuta misozi, ndipo inalonjeza kukonza njira yolandirira madandaulo, kulipirira maphunziro a amayi ena, kuphunzitsa akazi kuti azikwera pa maudindo, ndi kukumba mijigo. Ena mumpingo anati amayiwo ankangofuna ndalama. Ine ndikaganiza za wodwala wanga uja, ndimadziwa mtengo umene mkazi wa kumudzi amalipira kuti anene nkhani yotere pamaso pa alendo, podziwa kuti mwamuna wake, apongozi ake ndi mudzi wonse angamve.

Chaka chomwecho cha 2019, mu Okutobala, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe anachitidwa chipongwe ndi apolisi amene anatumidwa kumeneko pa nthawi ya zipolowe. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linawaimirira, ndipo mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula boma kuti lipereke chipukuta misozi kwa amayi 18. Apa sipanafunike kupita ku London. Khoti lathu lomwe linawamva.

Nkhondo imeneyi si ya ku Malawi kokha, ndipo si ya dzulo. Ambiri tinamva za Rosa Parks, mayi wosoka zovala wa ku Montgomery m'chigawo cha Alabama ku America, amene pa 1 Disembala 1955 anakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Anthu akuda ananyanyala mabasi masiku 381, ambiri mwa iwo amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, akuyenda pansi m'mawa ndi madzulo. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi ntchito imene mayiyu anagwira zaka 11 izi zisanachitike. Mu 1944 mayi wina wakuda wa zaka 24, Recy Taylor, wa m'banja lolima m'munda wa eni monga matenanti athu, anagwidwa ndi anyamata achizungu pochokera kutchalitchi usiku ku Abbeville, ndipo anamugwirira. Anamuopseza kuti akaulula amupha. Iye anaulula usiku womwewo. Bungwe la NAACP linatuma Rosa Parks kukamva nkhani yake, ndipo Rosa anaifalitsa dziko lonse la America. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anyamata aja amene anazengedwa mlandu. Nyumba ya malamulo ya Alabama inapepesa mu 2011, patapita zaka 67, Recy Taylor adakali moyo. Onani kuti mayi amene dziko limamutama chifukwa cha mpando wa m'basi anayamba ndi kukhala pansi m'nyumba ya mkazi wa kumunda, n'kumumvera. Ndi mu 2019 momwe bungwe loona za ntchito la International Labour Organization linagwirizana ku Geneva pangano loletsa nkhanza ndi kuvutitsana pa malo a ntchito, patapita zaka 75 chichitikire za Recy Taylor.

Zimene lamulo lathu likunena

Pa nthawi imene ndinalephera kuthandiza wodwala wanga, malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali atangobwera kumene, ndipo ambiri sitinkadziwa zimene zili m'katimo. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo losiyanitsa mkazi ndi mwamuna. Gawo 24 ndi la ufulu wa amayi, ndipo limatchula nkhanza zokhudza kugonana. Gawo 27 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Mu 2013 kunabwera lamulo lotchedwa Gender Equality Act, limene limanena kuti kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, kaya ndi mawu, ndi zizindikiro kapena pomukhudza iye asakufuna, ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Choncho woyang'anira amene akuti "undione kaye kuti dzina lako lilowe" wapalamula kale ngakhale asanakhudze munthu. Kugwirira ndi mlandu wina waukulu koposa pamenepa. Lamulo la ntchito limapatsanso mayi woyembekezera tchuthi cha masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro, ndipo limaletsa kumuchotsa ntchito chifukwa cha mimba. Dandaulo lingathe kupita kupolisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, ku ofesi ya zantchito pa boma, kapena ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 likutsatidwa.

Apa ndiyankhule ngati namwino. Mayi kapena mtsikana akagwiriridwa, choyamba ndi kuchipatala, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, aja timati PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiwo masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mankhwala oletsa kutenga mimba pangozi amaperekedwa pasanathe masiku asanu, koma kufulumira ndiko kwabwino. Amapatsidwanso mankhwala a matenda ena opatsirana. Ngati angapirire asasambe kaye, ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe. Zikulungidwe m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa m'jumbo zimachita chinyezi n'kuwonongeka umboni. Koma ngati wasamba kale apitebe, asaganize kuti zatha. Masiku atatu amenewa ife timawataya kuyitana ankhoswe, kudikira amalume, kukambirana za mbuzi ya chipepeso kwa amfumu. Kachilombo sikadikira amalume. Ndipo akakhala mwana wosakwana zaka 18, nkhaniyo si yokambirana pabwalo la mudzi ayi, ndi ya kupolisi.

Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kufika m'mizere ya tiyi ku Limbuli kapena ku Chisitu. Lamulo la kukunkha nalonso linali lolembedwa, koma mayi wa m'munda woyandikana ndi wa Boazi sanathandizidwe nalo ngati panalibe womuperekeza. Ife a Umodzi wa Amayi tili m'mudzi uliwonse. Timadziwa amene mwamuna wake wamwalira chaka chino, amene ufa wamuthera, amene mwana wake wasiya sukulu kukafola pa chipata cha esiteti. Mayi wogwiriridwa amaopa kupita yekha kupolisi, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Koma akalowa pamodzi ndi amayi awiri ovala yunifolomu yathu, amalandiridwa mosiyana. Izi ndaziona ndi maso anga zaka zapitazi. Ndipo pamene nkhani ya mayi wamasiye woyembekezera yabwera pa msonkhano wathu, tisanafunse za yunifolomu yake ndi za Mgonero, amayi awiri achikulire osunga chinsinsi apite akamufunse mofatsa chimene chinachitika. Mwina anachimwadi. Mwinanso anachimwiridwa, ndipo ife tikufuna kumuwonjezera chilango cha mnzake.

Pokambirana m'magulu, yambani ndi funso ili: Naomi ankadziwa za ngozi ya m'minda, nanga n'chifukwa chiyani sanamuchenjeze Rute m'mawa, n'kudikira mpaka madzulo? Kodi ife timawauza chiyani ana athu aakazi tsiku loyamba kupita kuntchito? Kenaka kambiranani ngati mayi amene wavomera kugona ndi womulemba ntchito ana ake atagona ndi njala masiku awiri tinganene kuti wavomeradi. Pa funso limeneli musafulumire kugwirizana. Lachitatu ndi lowawa, koma lifunsidwe: ngati wodandauliridwayo ndi mwamuna wa mmodzi wa ife, kapena ndi mkulu wa mumpingo, gulu lichita chiyani?

Msonkhano wotsatira usanafike, gulu lililonse litume amayi awiri akafufuze kuti chipatala chapafupi chimene chimapereka PEP Loweruka ndi Lamulungu ndi chiti, ndiponso kuti ofesi ya Victim Support Unit yapafupi ili pati. Alembi alembe zimenezi m'kati mwa chikuto cha kaundula wa gulu, pamodzi ndi mtengo wa kabaza wopita ndi kubwera, ndipo asungichuma apatule ndalama imeneyo isakhudzidwe pa zina.